Mafilimu a Lachisanu ndi Fomu Yanga ya Tchuthi

Mkazi wanga anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke anali ataikidwa kale. Ndife Asilamu, maliro sagona. Ine ndinali ku Doha, ku Qatar, m'chipinda chosungiramo katundu cha hotela ina ya ku Pearl, ndikulandira makatoni a sopo. Amene anandiimbira foni ndi amalume ake. Atafika kumanda anaimbanso, n'kugwira foniyo m'manja mpaka mapemphero onse atatha, kuti ndimve. Ndinamva mawu a shehe, makasu, ndi mbuzi imene inkalira chapatali. Foni itaduka ndinamaliza kulandira sopo uja, chifukwa lole inali itatseka khomo.

Panalibe amene analakwa. Mkazi wanga anagwa pabwalo akuanula zovala. Amalumewo anamunyamula pa galimoto yawo nthawi yomweyo, achipatala anayesetsa, koma mtsempha wa m'mutu unali utaphulika. Tinali titakhala m'banja zaka ziwiri, ndipo nthawi yambiri ndinaithera kuno.

Chimene chinanditsalira ndi sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi. Kwathu ku Machinga patsikulo abale amasonkhana, shehe amawerenga, anthu amadya, ndipo mwamuna wa malemu amakhala pamkeka pamaso pa akuchikazi onse. Sindinamuone akudwala, sindinathire dothi m'manda mwake. Ndinkafuna kukakhala pamkekapo. Sindinkafuna china.

Tchuthi changa cha pachaka ndinali nditadya kale, choncho pankafunika fomu ya tchuthi chapadera, yosainidwa ndi mkulu wa dipatimenti yathu. Mkuluyu anali wa ku Kerala, ku India, wandevu zaimvi zometedwa bwino, magalasi atalendewera pa kachingwe pachifuwa. Anali munthu wowerenga mabuku, ndipo ankakonda kuti anthu azidziwa zimenezo. Atamva kuti ndinapita ku koleji anayamba kundipatsa moni wa dzanja, umene sankapatsa anzanga a kwathu ogwira ntchito yaulonda.

Ndinapita ku ofesi kwake patapita sabata, n'kumufotokozera monga zinachitikira. Anamvetsera atapendeketsa mutu. Anafunsa ngati kuchipatalako kunalibe mankhwala. Ndinati analipo. Anafunsa ngati msewu unali woipa, ngati anachedwa kumulandira, ngati anamunyoza chifukwa chosauka. Ndinati ayi, ndipo sanali wosauka. Ndinaona nkhope yake ikuzilala. Anati munthu wa m'mayiko ngati athuwa safa chabe, pamakhala wina amene wamukankha, kungoti sitinaphunzitsidwe kumuona. Kenako anatsegula rosita. Nyengo ya alendo inali itayamba. Maliro anali atachitika kale, ndiye ndikukachita chiyani? Phwando la mpunga? Anandibwezera fomu ija mwaulemu ndithu, n'kunena kuti ofesi si malo okambira zamumtima, ndibwere nayo Lachisanu ku mafilimu, tikakambe ngati anthu.

Mafilimuwo ankaonetsedwa m'nyumba ina ku Al Khulaifat, kwa mnzawo wa abwanawo. Ankachotsa mipando yapamwamba, n'kuika ya pulasitiki, n'kuwalitsa kanema pakhoma loyera. Ankayamba thu koloko, ife titatuluka ku mzikiti. Onse anali mafilimu a Chimalayalamu, chilankhulo cha ku Kerala, okhala ndi mawu a Chingerezi pansi. Abwana sankalola a magule ndi ndewu. Ankati amenewo ndi odyetsa nkhuku. Awo anali onena za ndale, za malo olima, ndi za chimene iwo amachitcha kasiti: kuti kwawoko munthu amabadwira pa sitepe yake, ena pamwamba, ena pansi penipeni pomwe kale ngakhale chithunzithunzi chawo chinkayesedwa chodetsa.

Ndinene chilungamo, mafilimuwo anali abwino. Sankathamanga. Kamera inkatha kuima pa mzimayi akutsuka mbale kwa nthawi yaitali mpaka woonera n'kumva kuwawa kwa msana. Yoyamba imene ndinaonera inali ya munthu wokwera mitengo ya kokonati amene anafuna kuti mwana wake alembedwe sukulu yoyandikana ndi nyumba ya mwini munda. Yachiwiri inali ya amayi osenda nkhanu za m'nyanja amene ananyanyala ntchito. Mtsogoleri wa chipani anabwera ndi mbendera yofiira, n'kulankhula mpaka kusasa mawu, kenako n'kukadya nkhomaliro kwa mwini fakitale, chifukwa anali a sitepe imodzi. Anthu opanga zinthu zimenezi amawadziwa bwino anthu awo. Mkazi wanga sakanapirira. Filimu ikatalika ankagona pakati, n'kudzuka kumapeto kundifunsa ngati akwatirana.

Vuto langa silinali pakhoma. Linali pamipando.

Filimu ikatha ankazunguliza mipando kuti tikambirane. Onse ankatchulana kuti komuledi, mawu a andale otanthauza mnzanga, ndipo lamulo linali lakuti aliyense alankhule, mmodzimmodzi, kuyambira kwa abwana kumka kudzanja lamanja. Kunalibe amene ankauza munthu pokhala, komabe sabata iliyonse kudzanja lamanja kwa abwana kunkapezeka mwini nyumba, kenako mkulu wa ophika, kenako a ku risepushoni, kutsika choncho mpaka kwa okonza m'zipinda ndi ochapa, amene ankathera kukhomo pafupi ndi nsapato. Aliyense wa kumtundako ankayamba ndi mawu akuti anena mwachidule. Mkulu wa ophika ankalira. Mwini nyumba ankatchula mayina a anthu a ku Ulaya. Ankatsutsana ngati chipani chinapereka osauka kapena osauka ndi amene anapereka chipani, m'chilankhulo chawo, wina n'kumanditembenuzira m'khutu zidutswazidutswa.

Basi ya antchito yopita kogona inkadutsa pamsewu waukulu faifi koloko, ndipo patsikulo inali yomaliza. Ikatsala pang'ono kukwana, ife a basi tinkanyamuka, n'kuvala nsapato, mpata wathu wolankhula usanafike. A magalimoto ankatikweza dzanja osatembenuka. Anthu amene filimu imanena za iwo ankatuluka, otsalawo n'kupitiriza kuwamvera chisoni bwinobwino, popanda wowasokoneza.

Fomu yanga inali m'thumba la malaya. Ndikayandikira abwana filimu isanayambe, ankati tikatha kukambirana, komuledi. Kukambiranako sikunkatha basi isanabwere. Mkati mwa sabata ndikagogoda ku ofesi, ankandikumbutsa kuti tinagwirizana za Lachisanu. Sindikhulupirira kuti ankachita dala. Kuchita dala kumafuna kuti uzikumbukira munthuyo. Pepalalo linafewa ndi thukuta, m'makona n'kuyamba kunyenyeka. Amalume ankaimba kufunsa tsiku lofika, kuti akandichingamire. Ndinkati zikukonzedwa.

Kukhomo kuja kunkakhala mkulu wina wa kochapira zovala, wa ku Kerala komweko, wowonda, zala zitayera ndi mankhwala ochapira. Ndiye ankayala mipando, kuphika tiyi ndi kunyamula makina a kanema. Tsiku la filimu yoyamba ija abwana anamuloza pakati pa kukambirana, n'kunena kuti agogo a munthu uyu sankaloledwa kudutsa pamsewu wa kutsogolo kwa nyumba ya agogo awo, koma taonani lero tikumwa tiyi limodzi. Anthu anagwedeza mitu. Mkuluyo anamwetulira monga mmene munthu amamwetulira pojambulitsa chiphaso. Tiyi wakeyo ankamwera kukhitchini, ataimirira, chifukwa makapu ankakwanira akatsuka oyamba.

Ndinaona kuti filimu ikamaonetsedwa iye sayang'ana pakhoma. Ankasuzumira pafoni, kapena kutseka maso. M'basi ndinamufunsa chifukwa. Anandiyankha m'Chingerezi chake chodukaduka kuti mathero amawadziwa: kumagwa mvula, wosauka amafa, abwana amalira. Ndinaseka. Kanali koyamba kuseka chimwalirireni mkazi wanga, ndipo ndinadana nako.

Lachisanu lachitatu anaonetsa ya mphunzitsi wachinyamata wa sitepe yapansi amene anakwatira mwana wa eni minda. Mkaziyo anamwalira ali kwa makolo ake. Abale ake anachita mwambo wonse mothamanga osamuuza, ndipo atafika anamuimika kunja kwa geti, pamvula, akuona utsi wa moto wotentha mtembo ukukwera kuseri kwa nyumba. Magetsi atayaka, abwana anali akupukuta magalasi. Anati iyi ndiye filimu, zina zonse ndi zithunzi. Ndinayang'ana wotchi, n'kuvala nsapato.

Lachisanu lachinayi kunatsala masiku asanu ndi atatu kuti sadaka ichitike. Filimu ya tsikulo sindikuikumbuka. Basi itayandikira anzanga ananyamuka, ine ndinakhala. Mkulu wa kochapira naye anatsala, chifukwa kunabwera anthu ambiri ndipo makapu anali mulu. Mipando ya pakati pa ine ndi a risepushoni inatsala yopanda anthu, ndipo kwa nthawi yoyamba mzere unandifika.

Abwana anakondwa. Anauza gulu kuti komuledi wa ku Africa ndi wophunzira, ndipo waferedwa posachedwa. Anandifunsa ngati kwathu kulinso masitepe oterewa, kapena ndife anthu odala.

Ndikanatha kunena zoona. Zoona zinalipo, ndipo sizinali zosalala: kwathu mwamuna amakakhala kwa mkazi, munda si wake, mawu omaliza ndi a malume, ndipo akuluakulu amadziwa, ngakhale sanena pagulu, mabanja amene makolo awo anali akapolo. Koma zoona ndinali nditazipereka kale ku ofesi, ndipo zinabwezedwa pamodzi ndi fomu. Ndinayang'ana nkhope zimene zinandizungulira. Zinali ngati za anthu amene akhala pa tebulo, asamba m'manja, akudikira mbale.

Ndinawapatsa filimu ya sabata yatha ija.

Ndinati ine ndine wa mbumba ya akapolo, ndipo mkazi wanga anali wa banja la amene anagula makolo anga. Ndinati amalume ake anakana ukwati wathu, ndipo atalephera kuuletsa sanandilolepo kudya nawo m'mbale imodzi. Ndinati atamwalira anamuika mothamanga tsiku lomwelo kuti ndisamuone, ndipo ndinamva kwa anthu apadera. Ndinati pa tsiku la makumi anayi adzasonkhana, ndipo ngati sindidzaoneka adzalengeza kuti kapolo wathawa, dzina langa n'kulichotsa pa dzina lake. Sindinalire. Ndinalankhula motsitsa, ndikuyang'ana pansi, monga ankachitira mphunzitsi uja. Ndinali nditaonera mokwanira kuti ndidziwe pamene munthu amayenera kukhala chete pang'ono.

Amalume amenewa ndi amene anandipatsa malo omanga nyumba ndisanapemphe. Ndi amene ankanditchula kuti bambo pamaso pa ana awo. Ndi amene anaimirira padzuwa, mkono uli m'mwamba, kuti ndimve makasu.

Mkulu wa ophika anafwenthera. Mwini nyumba anati taonani, ndi dongosolo lomwelo, dziko lililonse, angosintha zovala. Abwana anaimirira, n'kudutsa mipando yopanda anthu ija, n'kundigwira paphewa.

"Bwanji sunanene izi poyamba paja?"

"Ndinkachita manyazi, bwana."

"Manyazi si ako, komuledi. Ndi awo. Fomu ija ili kuti?"

Anaisainira pa tebulo la tiyi, pamaso pa onse, atakankha makapu. Pamene ndinalemba masiku asanu ndi awiri anafufuta, n'kulemba khumi. Anati ndipite ndikakhale pakati pawo penipeni, ndisakavomere kukhala kukhomo. Anthu anaomba m'manja. Pakona ya pepalalo panatsala chizindikiro chozungulira cha kapu, ndipo a ku ofesi ya antchito anachiona koma sanafunse.

Abwana anatitenga pa galimoto yawo, ine kutsogolo, mkulu wa kochapira kumbuyo atafungatira makina a kanema. Tinadutsa ku Corniche dzuwa likulowa, mabanja akuyenda m'mbali mwa madzi. Njira yonse abwana ankalankhula. Anati nkhani yangayi ndi yofunika kulembedwa, ali ndi mnzawo kwawo wodziwa kamera. Anafunsa ngati kwathu kuli mitengo ya kokonati. Anatitsitsa pa siteshoni ya sitima, chifukwa kogona kwathu kunali kutali ndi njira yawo.

Tinaima awiri, galimoto itapita. Mkuluyo anasintha dzanja lonyamulira makina.

"Filimu yanu ija inalibe mvula," anatero.

Kenako anapitiriza:

"Asilamu a kwathu nawonso amaika tsiku lomwelo. Atatu mwa aja ndi Asilamu. Akudziwa. Anaomba m'manja kuposa onse."

Ndinamufunsa ngati akanena. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Anati anene kwa ndani, nthawi yanji, poti basi imanyamuka faifi koloko. Kenako anandiuza kuti ndinyamuleko makinawo, popeza tsopano ndife a sitepe imodzi.

Ndinafika kumudzi kutatsala masiku awiri. Amalume anandichingamira okha pa siteji, atavala mkanjo woyera, n'kundilanda chikwama ngakhale ndinakana. Sanandifunse chifukwa chimene ndinachedwera kutsimikiza tsiku. Tinapita kaye kumanda tisanafike kunyumba. Anandisonyeza manda ake, n'kubwerera kukaima pansi pa mtengo, atandifulatira. Dothi linali litayamba kuphwa pakati. Za pamenepo sindilemba.

Pa sadaka anayala mikeka pansi pa mango. Ndinafuna kukhala kumapeto, koma anandigwira dzanja n'kundikhazika pakati pa iwo ndi shehe. Mpunga utabwera anandikankhira mbale yawo kuti tidyere limodzi, n'kumandisankhira nyama yopanda fupa ngati mwana wodwala. Ndinadya. Anthu ankabwera kudzandigwira dzanja, amayi atagwada chapatali, ena akunditchula dzina limene ankanditchula malemu yekha, osadziwa kuti linali lake. Ndinakhala pamkekapo kuyambira m'mawa mpaka mithunzi itatalika. Chimene ndinkafuna chija ndinachipeza chonse, osachotserapo kanthu.

Asanatseke mapemphero, amalume anapempha kulankhula. Anathokoza obwera. Kenako anati pali munthu mmodzi amene kulibe pano, mlendo wa dziko lina, wosatidziwa, mwina wosapembedza monga ife, amene anamva za maliro athu n'kumasula mwana wathu pa nthawi ya ntchito yambiri, n'kumuwonjezera masiku. Anati anthu otere ndi osowa. Anapempha shehe kuti amuike m'dua. Shehe anandifunsa dzina lake. Ndinalitchula, ndipo mudzi wonse unatambasula manja kumupempherera.

Tsiku lonyamuka apongozi anga aakazi anasoka kathumba ka mtedza wosenda, wosankhidwa umodziumodzi. Amalume anandipatsira pa siteji.

"Bambo, mukawapatse abwana anuwo m'manja. Mukanene kuti achokera kwa ine."

Ndinaganiza zousiya pa bwalo la ndege. Ndinaganiza zopatsa mkulu wa kochapira. Koma ndinali nditawanamizira kale amalumewo kamodzi, ndipo sindinafune kuwaberanso zikomo wawo. Tsiku loyamba kuntchito ndinagogoda ku ofesi, n'kuika kathumbako pa tebulo, pamwamba pa rosita. Ndinanena kuti achokera kwa amalume a mkazi wanga, akuti zikomo, ndipo anawapempherera pagulu.

Abwana anavala magalasi. Anafunsa ngati ndi amalume omwe aja. Ndinati omwewo. Anafunsa pamene anandikhazika. Ndinati pakati, pafupi ndi shehe, ndipo tinadyera mbale imodzi.

Ndinadikira. Zonse zinali pa tebulo, ndipo munthu wowerenga mabuku akanatha kuziwerenga. Ndinali wokonzeka kuti andifunse funso limodzi lokha, ndipo ndikanayankha.

Anatsamira kumbuyo, maso akuwala. Anati waona, komuledi, umu ndi mmene zinthu zimasinthira. Munthu mmodzi akakana kuima kunja kwa geti, nyumba yonse imagwedezeka. Anati mnzawo wa kamera uja ankadandaula kuti nkhaniyo ilibe mathero, koma tsopano apezeka: nkhalamba ikukankha mbale. Anang'amba kathumba kaja ndi kampeni kotsegulira makalata, n'kutapa mtedza, n'kuponya m'kamwa. Anati ndi wauwisi, koma mkulu wa kochapira akazinga, tidzadye Lachisanu pokambirana.

Ku mafilimuko sindinapitenso. Ndinamva kuti mtedzawo unadyedwa, ndipo nkhani yanga inakambidwa mpaka mdima, ine kulibe, a basi atapita. Amalume amaimba mwezi uliwonse. Akatha kufunsa za moyo wanga amafunsa za abwana, ndipo ndimawauza kuti ali bwino, akupereka moni.